Ku damu la Lifupa ndi amalume: tipente, timange, kapena tiyambire pati?

Lachinayi

Tafika ku Kasungu dzuwa litapendeka. Tikanafika kale, koma alamu anayamba aima pamzere wa mafuta ku Lilongwe, ndiye mmene timadutsa pa Lumbadzi n'kuti mimba zitayamba kulira. Pangano lathu ndi lakuti galimoto ndi yawo, mafuta ndi kamba ndi zanga. Pa Mponela sitinaime. Pa Madisi tinadya tchipisi cha pachiwaya, kenaka tinawoloka Bua, amene mwezi uno wa Okutobala wangotsala mchenga ndi timadzi ta apa ndi apo. Pa Chinkhoma pali zii, msika wa fodya unatsekedwa kale. Phiri la Kasungu litangoonekera kutsogolo, ine wobadwira kuno mtima unakhala m'malo.

Amalume tawapeza atapachika kale jekete yawo pampando, nsapato zitapolishidwa. Ulendo uno ndi wawo. Anaphunzitsa pulayimale m'boma lino mpaka kupuma, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ankakweza ana a Sitandade 8 pa lole kukaona nyama ku Lifupa, m'nkhalango ya Kasungu. Chipumireni sanapondekonso. Ndikabwera kumaliro kapena kuukwati sandiphonya: "Iwe mwana wa mlongo wanga, ku damu kuja udzanditengera ndili m'bokosi?"

Mkangano unayambira pa nsima. Alamu anagwirapo ntchito zaka zingapo pa loji ina ku Senga Bay, poyamba ngati woperekera zakudya, kenaka ku sitolo ya katundu, ndiye nkhani ya malo a alendo amaiyankhula ngati mwini. Atamva komwe tikupita anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, malo amene munawasiya 1980 aja musayembekeze kuti akukudikirani. Malo a alendo akakalamba osakonzedwa amafa. Mlendo wa lero asanafunse ndiwo amafunsa Wi-Fi. Akufuna dziwe losambiramo, chipinda chozizira, holo ya misonkhano. Kunyanja amene anachedwa kusintha anatseka."

Amalume anamaliza mbamu yawo, n'kusamba m'manja mosafulumira. "Bambo, tikaone kaye."

Lachisanu

M'mawa tinalowa mumsika kugula makala, tomato, usipa wouma ndi madzi akumwa. Msewu wa kunkhalango umaloza kumadzulo, m'kati mwa dziko la fodya. M'madambo nazale zabiriwira kale, amayi ndi ana ali ndi makeni kuthirira. Kumtunda kuli zigafa zopanda kanthu ndi mabani a njerwa ochita mwaye. Mitengo ndiye kulibe, mabaniwo anaidya kalekale. Fumbi ndi maenje zinatiyendetsa pang'onopang'ono, alamu akudandaulira matayala awo.

Pachipata cha Lisitu dziko limasintha mwadzidzidzi. Kumbuyo kwako kuli mbee, kutsogolo kuli mitengo ya mombo yothithikana, ina itaphuka masamba ofiira a chilimwe. Tinaonetsa zitupa za unzika, chifukwa Mmalawi amalipira mtengo wotsika poyerekeza ndi mlendo wakunja. Polemba dzina m'buku la pachipata ndinasuzumira mayina a amene anatitsogolera. Sanali ambiri, ndipo angapo analemba kuti abwera pa ntchito.

Tili m'njira amalume anayamba kalasi, ife osawapempha. Nkhalangoyi ndi yachiwiri kukula m'Malawi, imaposedwa ndi Nyika yokha, ndipo ndi yoposa masikweya kilomita 2,000. Kumadzulo imathera m'malire a Zambia. Atsamunda anaipatula mu 1922 anthu atasamutsidwamo chifukwa cha matenda a kaodzera, mu 1930 inakhala malo osungira nyama, ndipo mu 1970 boma la Kamuzu linaikweza kukhala paki. Zaka zimenezi amazitchula ngati akuitana mayina m'kaundula wa kalasi.

Kenaka damu. Si nyanja, ndi madzi amene anthu anachita kutseka pa mtsinje wa Lifupa, koma m'chilimwe chino kamene kali ndi ludzu m'dera lonseli kamabwera pano. Nyumba zogona alendo ndi zozungulira, zofolera ndi udzu, zonse zoyang'ana kumadzi. Amalume anatsika m'galimoto osadikira kuti ndiwatsegulire, n'kuima chilili. Anatilozera pamene lole inkaima, pamene ana ankadyera mabanzi ndi sobo, ndi pamene mwana wina anataya nsapato pothawa mvuu itangopuma m'madzi.

Alamu iwo anayendera malowo ndi diso la ntchito. Anagogoda chitseko, anayang'ana denga, anakanda penti ndi chikhadabo, anakweza foni m'mwamba kusaka netiweki mpaka anakaipeza ataima pa chulu. Sanayankhule kanthu, anangondiyang'ana kuti ndione ndekha. Kunena zoona, nyumbazi zaona zaka. Koma zofunda zinali zoyera, neti yopanda chibowo, ndipo pakhonde pali mthunzi woti munthu n'kuiwala kuti kunja kukuwotcha.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, njovu zinatulukira kutsidya. Zinabwera mwa mzere, yaikazi yaikulu patsogolo, tiana pakati, n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo. Mvuu zinadandaula pang'ono kenaka zinasuntha. Wagemu wina amene anakhala nafe pakhonde anatiuza mbiri ya njovuzi. M'zaka za m'ma 1970 munali njovu pafupifupi 1,200. Opha nyama mozemba anazisesa chifukwa cha minyanga, moti pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50 zokha. Mu 2022 nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, mothandizana ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW, inasamutsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde pa malole, pamodzi ndi nyama zina 431 monga njati, nswala, mphalapala ndi njiri.

"Ndiye kuti izi ndi za ku Machinga?" anafunsa amalume.

"Zina mwa izo, bwana."

"Zayenda kuposa ine."

Loweruka

Usiku mvuu zinadya udzu pafupi penipeni ndi nyumba. Ndinamva kutafuna kwake ndili pabedi, ndipo ganizo lopita panja silinandibwerere.

M'mamawa tinazungulira ndi wagemu uja. Nyama m'nkhalango ya mombo sizioneka chisawawa, mitengo ndi yambiri ndipo nyamazo zikadali ndi mantha a zaka zija. Tinaona ngoma ziwiri, gulu la nswala, njiri zikuthawa michira ili m'mwamba, ndi mapazi a njati. Kashembe ndiye anatilandira bwino. Alamu anatseka magalasi onse, m'galimoto n'kukhala ngati mu uvuni, amalume akuseka kuti ntchentche imeneyi ndi imene inasunga nkhalangoyi anthu a gemu asanabadwe. Wagemu anatiuzanso za ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo ndi zojambula za pamiyala zimene zili m'nkhalango momwemu, koma kutentha kunatibweza tisanakafike.

Masana onse tinakhala pakhonde, ndipo mlandu wa Lachinayi uja unazengedwa bwinobwino.

Alamu anayamba, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Akuti alendo ambiri amene amatera pa bwalo la ndege la Kamuzu akafuna kuona nyama amakwera galimoto kudzera ku Mchinji ndi Chipata mpaka ku South Luangwa m'dziko la Zambia, n'kukasiya madola kumeneko, chikhalirecho Kasungu ali pafupi. Akutinso anthu a mu Lilongwe amene ali ndi kangachepe m'thumba, Loweruka likafika amathamangira ku Salima, chifukwa kumeneko kuli mchenga, nyimbo, nyama yowotcha ndi malo ojambulitsa zithunzi za pa Facebook. Ku Senga Bay komweko hotela yakale ija inkatchedwa Grand Beach ikadali moyo lero ngati Sunbird Livingstonia chifukwa eni ake sanaisiye kuti igwe. "Pano pakanakhala holo ya anthu 100, dziwe losambiramo ndi maboti a injini padamupa, bwenzi magalimoto ali mbwee. Achinyamata a kwa Chulu ndi kwa Lukwa bwenzi ali pa ntchito."

Ndinawafunsa chimene chinkadzaza zipinda pa loji yawo ija. Anaganiza pang'ono n'kuvomera kuti si alendo oona malo ayi, koma masemina. Anthu a m'maunduna ndi m'mabungwe, Lolemba mpaka Lachisanu, tiyi wa 10 koloko, nkhomaliro, alawansi. Boma likangolamula kuti misonkhano ya kunyanja iyambe yaima pofuna kupulumutsa ndalama, ogwira ntchito ena ankauzidwa kuti akapume kaye kunyumba. Iwonso ntchito inawathera m'nyengo yotero.

Apa ndi pamene amalume anakhala tsonga. Anatiuza za Cape Maclear. Mu 1949 ndege za kampani ya BOAC zotera pamadzi, zochokera ku England kupita ku Johannesburg, zinayamba kuima pamenepo, ndipo panali hotela yapamwamba yolandira azungu otsika m'ndegezo. Chaka chotsatira ndegezo zinasiya kubwera, hotelayo sinakhalitse. "Anamangira mlendo wa ndege ya eni. Ndege itasintha njira, anatsala ndi makoma. Inu mukufuna timangire mlendo wa alawansi."

Alamu sanagonje. Anati ndiye tingokhala osamanga kanthu poopa mawa? Amalume anawakumbutsa za 2024, pamene nyanja inakwera n'kulowa m'maloji ambiri a ku Mangochi ndi ku Salima. Amene anathira simenti mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi kuti mlendo aziviika phazi ali pa bala, ndi amene analira kwambiri. Pamenepo alamu anangoti "zimenezo n'zoona," chifukwa anzawo ena anawatumizira zithunzi za mipando ikuyandama.

Ine ndinali chete nthawi yaitali, koma maganizo anga ndi awa. Onse awiri akulankhula ngati funso ndi limodzi, kusintha kapena kusasintha, pamene pali zinthu ziwiri zosiyana. Pali zimene mlendo aliyense, wa ku London kapena wa ku Santhe, sangakhululuke: msewu wothyola galimoto, mpope wopanda madzi, chimbudzi chosagwira ntchito, foni yosayankhidwa ukafuna kusungitsa malo. Zimenezi kuzikonza si kutengera chizungu, ndipo masiku ano si zodula ngati kale. Magetsi a sola amatha kuyendetsa pampu ndi firiji popanda jenereta yobangula usiku wonse. Kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba ngakhale mayi wogulitsa mandasi amadziwa. Pamenepa alamu akunena zoona, ndipo amalume akamati zonse zisiyidwe mmene zinalili akuiwala kuti mu 1980 iwo anali ndi msana wolimba.

Koma pali zinanso zimene zikabwera pano zingaphe chimene tabwerera. Boti la injini padamu laling'ono ngati ili ndi nkhondo ndi mvuu. Zokuzira mawu za Loweruka usiku zikalira kawiri katatu, njovu zija zidzasankha kukamwa kwina. Lifupa sangapikisane ndi Salima pa mchenga ndi kusamba, pano ukaviika mwendo ndiye kuti watopa nawo. Chimene ali nacho n'chakuti munthu ukhoza kuchoka ku Lilongwe m'mawa, madzulo n'kumamwa tiyi njovu zili patsogolo pako. Ku Majete, kumene African Parks inayamba kuyang'anira mu 2003, ndi ku Liwonde kuyambira 2015, sanayambe ndi dziwe losambiramo. Anayamba ndi mpanda, agemu okwanira, misewu ya m'kati ndi kubwezeretsa nyama. Alendo ndi malo ogona apamwamba zinachita kutsatira.

Nditanena zimenezi alamu anati ndalankhula ngati wa ku semina. Amalume anati ndalankhula ngati mayi anga, zimene kwa iwo si chiyamikiro kwenikweni.

Chakumadzulo tinakwera Black Rock. Ndi thanthwe losavuta kukwera, ngakhale amalume anafika pamwamba atapumira kangapo. Kuchokera pamenepo nkhalango imaoneka mpaka kumene maso alekezera, utsi wa moto wolusa ukufuka patali chakumalire.

Lamulungu

Tinatsanzika m'mawa. Amalume anapatsa mnyamata wotiphikira madzi osamba ndalama yoposa imene ine ndikanapereka, n'kumufunsa kumene anaphunzira. Zinapezeka kuti bambo ake a mnyamatayo anadutsa m'manja mwawo. Zikatere amalume sachoka msanga.

Titatuluka pachipata tinaima pamudzi wina kugula mtedza ndi uchi. Mpanda wa magetsi a sola ukuoneka kuseri kwa minda. Mpandawu ukumangidwa mbali ya kum'mawa kwa nkhalango, kumene kuli midzi yambiri. Mayi amene amagulitsa mtedzayo, wamsinkhu wa mayi anga, anatifunsa kumene tikuchokera. Titati ku damu kukaona njovu, anaseka kuseka kosasangalala.

"Mwalipira ndalama kuti muone njovu? Mukanabwera kwathu kuno mwezi wa Epulo, mukanaziona ulere m'munda mwanga."

Anatifotokozera mmene zimakhalira chimanga chikakhwima: amuna kugona kumunda, kuyatsa moto, kumenya zitini ndi mabeseni usiku wonse. Njovu ikalowa, ntchito ya dzinja lonse imatha tambala asanalire. Ikapeza nkhokwe imagwetsa. Chibwerereni njovu za ku Liwonde anthu afapo m'midzi yozungulira nkhalangoyi, kuno ndi ku Zambia komwe, ndipo nkhanizo zinamveka pa wailesi ndi m'manyuzipepala. Mayiyo anati kumene mpanda wafika zinthu zasinthako, tulo tayamba kubwera. Pempho lake ndi lakuti ufike ponseponse ndipo ukaduka uzikonzedwa msanga.

Amalume anati, "Pepani mayi. Walira mvula walira matope, koma apa amene analira mvula ndi ena, matope agwera inu."

Ndinamufunsa ngati anafikako ku damu. Ayi. Anabadwira pomwepa, anakwatiwira pomwepa, adzukulu ake akuphunzira pasukulu yoyang'anana ndi mpanda, koma madzi a Lifupa sanawaonepo. M'nkhalango analowamo kale ali mtsikana, nthawi imene boma linkalola anthu kukatola matondo, ndipo malemu amuna ake anali ndi ming'oma ya njuchi m'mphepete mwake. Kupita kukangokhala pansi n'kumayang'ana mvuu, ameneyo ndi mwambo wa azungu ndi mabwana, anatero.

M'galimoto alamu anakhala chete mtunda wautali. Kenaka anati ku Senga Bay zinalinso chimodzimodzi. Loji ikakonzedwa, choyamba kukwera ndi mpanda wa njerwa, ndipo asodzi amene makolo awo ankakokera ngalawa pamenepo amauzidwa kuti azungulire. Ana a m'mudzi amaonera nyanja yawo pa geti. Iwo ali pa ntchito ankatumidwa kukathamangitsa anawo pamchenga alendo akafika, ndipo akuti mwa ntchito zonse imeneyo ndi imene inkawawawa.

Apa ndi pamene nkhani ya chitukuko cha malo a alendo imandivuta. Tikamati tikope alendo, m'mutu mwathu mumabwera mzungu wa kamera kapena bwana wa Prado. Boma la Kasungu lili ndi anthu mazanamazana a zikwi, sukulu zosawerengeka, makwaya, magulu a amayi a mvano, mabanki m'khonde amene kumapeto kwa chaka amagawana ndalama n'kuchita phwando. Onsewa ndi alendo amene safuna viza kapena ndege, ndipo mliri ngati wa Covid ukatseka malire iwo amakhala alipobe. Sangalipire chipinda cha madola, koma angalipire pachipata, angagule nsima ndi chambo, ndipo mwana amene waona njovu ikumwa madzi mwamtendere amakula ndi chithunzi china, osati cha chilombo chogwetsa nkhokwe chokha. Malo ngati Lifupa akafuna kukonzedwa, ndingakonde pa pulani pakhale chisakasa chachikulu cha mthunzi, zimbudzi zokwanira kalasi yonse ndi malo ophikira gulu, pambali pa zipinda za apamwamba zija. Ndipo uchi ndi mtedza wa mayi uja zizigulidwa kukhitchini ya pa damu, asamadikire galimoto imodzi pa tsiku pamsewu wafumbi.

Tinafika m'tauni mapemphero atatha. Azakhali anatikalipira kuti tasankha njovu m'malo mwa tchalitchi.

Lolemba

Timayenera kubwerera ku Lilongwe m'mawa, koma amalume anatipempha kuti tiwaperekeze kaye kusukulu imene anapumira. Ahedi a pano ndi mayi wachitsikana, anawalandira ndi ulemu wonse, mpando wawo womwe n'kuwapatsa. Amalume sanazungulire: akufuna ana a Sitandade 8 apite ku Lifupa mvula isanagwe, msewu usanaterere.

Ahedi anati maganizowo ndi abwino, ndipo kalabu ya zachilengedwe pasukulupo ilipo, koma chibwerereni iwo sinapiteko kulikonse. Vuto si pachipata, ana asukulu salipira zambiri. Vuto ndi galimoto. Kale lole inkapezeka mosavuta, ya boma kapena ya ku esiteti ya fodya. Lero eni minibasi akamva kuti ndi msewu wa kunkhalango amakweza mtengo kapena kukana kumene.

Alamu anatulutsa foni n'kuyamba kuwerengetsa malita a dizilo kupita ndi kubwera, kuphatikiza kuzungulira m'kati. Anati ali ndi mnzawo m'tauni muno amene ali ndi lole yonyamula mabelo a fodya, ndipo nyengo ino imangokhala. Anamuimbira pomwepo. Mnzawoyo anati mafuta akhale athu, dalaivala apatsidwe ya sopo, ndipo tenti yotchinga dzuwa tipeze tokha. Ahedi anati nkhaniyo aitengera ku komiti ya makolo Lachisanu, chifukwa kukweza ana pa lole kumafuna chilolezo cha makolo ndi cha ku ofesi ya maphunziro. Ine ndinalonjeza theka la mafuta, ndipo amalume analemba lonjezolo m'kabuku kawo, ndi deti lomwe, n'kundiuza kuti ndisayine.

Tanyamuka itakwana 11 koloko. Alamu akuti tikafika pa Mponela tiime, tayala lakumbuyo lija likuoneka kuti laphwa.